Maso Anga, Makutu a Asiyatu

Makope anga a ku Japan alipo anayi. Ndimawasunga m'chikwama chomwe ndinapita nacho, kunsi kwa bedi, nditawakulunga m'jumbo kuopa chiswe. Kulemba zimene zandichitikira pa tsiku ndinakuyamba ndili Fomu 2, chifukwa pakamwa panga pankalemera. Aphunzitsi akandiloza m'kalasi, yankho ndinkalidziwa koma mawu ankathera pakhosi. Ndikafika kunyumba ndinkalilemba m'kope, lonse bwinobwino, popanda wondiyang'ana.

Kwathu ndi ku Biriwiri, kumtunda, kumene timalima kabichi ndi kachewere. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinakhala chaka pakhomo, ndikuthirira kudimba. Kenaka kunamveka kuti bungwe lina ku Lilongwe likufuna achinyamata odziwa kulima ndiwo zamasamba, akagwire ntchito ku Japan zaka zitatu. Achimwene anga ndiwo anakandilembetsa. Anati mutu wanga ndi wa mabuku, chilankhulo ndikachigwira msanga. Amayi anangofunsa ngati kumeneko kuli tchalitchi.

Tisananyamuke anatiphunzitsa Chijapani miyezi ingapo ku Lilongwe komweko. Kumeneko ndinadziwana ndi Asiyatu wa pa Nsipe, yemwe bambo ake ali ndi golosale m'mphepete mwa msewu. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zinayi, wolekeza Fomu 2, wokulira kuseri kwa kauntala. Tsiku loyamba lomwelo anandifunsa chiwongo changa. Ndinayankha motsitsa mawu moti sanamve.

"Basi, ndiwe Namanyazi," anatero. Dzinalo linandikanirira mpaka kutsidya kwa nyanja.

M'kalasi munali zinthu ziwiri, kuwerenga ndi kumvetsera. Kuwerenga ndinakukonda nthawi yomweyo. Zilembo zawo zovuta, zotchedwa kanji, zimaoneka ngati nkhuni zosanjikiza, koma zili ndi ubwino umodzi: zimakudikira. Ukhoza kuchiyang'ana chilembo tsiku lonse, sichikuseka, sichikufulumizitsa. Kumvetsera kunali kwina. Aphunzitsi ankayatsa sipika, mwamuna ndi mkazi n'kumakambirana za sitima kapena za mvula, kenaka funso. Mawuwo ankandidutsa ngati minibasi yodzadza imene siima pa siteji.

Asiyatu anali wosiyana nane. Kanji inkamupweteketsa mutu, koma sipika ikangoyamba ankamwetulira. Ankati pa golosale anazolowera madalaivala a mathiraki a ku Mozambique ndi ku Tanzania, okuwa ali pawindo injini ikulira. Umayang'ana pakamwa ndi dzanja, umatola mawu awiri, otsalawo umawataya, munthu n'kumupatsa sopo wake.

M'ndege ndi mmene anandiuza maganizo ake. Anati popeza atiika pa famu imodzi, tisavutike ndi zinthu ziwiri aliyense. Ine ndikhale maso, iye akhale makutu. Ndinavomera ndi mtima wonse. M'kope loyamba ndinalemba kuti Mulungu wandipatsa mkulu wanga.

Famuyo inali kumapiri. Galimoto itaima, tinatsika n'kuona mizere ya kabichi mpaka kumene maso alekezera. Asiyatu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati tauluka masiku awiri kudzafika ku Biriwiri. Ine sindinaseke. Mpeni umene anandipatsa m'mawa mwake unali ngati womwe ndinausiya padenga pa khitchini ya amayi.

Tinkagona m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa shedi ya mathirakitala. Nyengo yokolola tinkayamba kudula dzuwa lisanatuluke, kuwerama mpaka msana kuuma, kulongedza m'makatoni, kunyamula. Nyengo yozizira chipale chofewa, choyera ngati ufa, chinkakwirira minda, ife n'kumagwira ntchito m'nyumba za pulasitiki zofeseramo mbande. Kuzizira kwa Juni kwathu ndi masewera. Zala zinkang'ambika m'mphindi, ndipo pogwira cholembera ndinkayamba ndaziwotha pa mbaula ya palafini.

Mgwirizano wathu unkayenda bwino, ndisaname. M'mawa uliwonse mwini famu ankalemba ntchito za tsikulo pa bolodi, ine n'kuwerenga, n'kumunong'oneza Asiyatu. Ndinkawerenga mabotolo a mankhwala opopera, makalata a ku ofesi ya boma, pepala lonena tsiku lotaya zinyalala za mtundu uwu ndi uwo. Kusitolo ndinkatembenuza paketi iliyonse kufunafuna chilembo cha nkhumba, chifukwa kumeneko nkhumba amaibisa ngakhale mu supu ndi mu bisiketi, ndipo Asiyatu ndi Msilamu. Ankaima pambali panga ndi basiketi ngati mwana wodikira mayi ake. Ndikapukusa mutu, ankabweza paketiyo n'kuitukwana pang'ono.

Zolankhula zinali zake. Amene ankatiyang'anira kumunda anali amayi a mwini famu, gogo wamfupi wopindika msana, wolankhula mothamanga Chijapani cha kumapiri chosafanana ndi cha mu sipika. Akalankhula, Asiyatu ankawayang'anitsitsa pakamwa, nthawi zina n'kuwadula, kuwafunsa kawiri, katatu, mpaka gogoyo kuseka. Ine zinkandichititsa manyazi. Kwathu mwana waulemu sayang'ana wamkulu kumaso, ndipo samubwerezetsa mawu. Ndili wamng'ono ndikati sindinamve, amayi ankandifunsa kumene ndasiya makutu. Choncho gogoyo akandilankhula ndinkayang'ana pansi, n'kuwerama, n'kunena kuti "hai", ndiye kuti eya. Akachoka ndinkafunsa Asiyatu kuti amati chiyani.

Chaka chachiwiri Asiyatu anadwala dzino, mwini famu n'kupita naye kutawuni. Ndinatsala ndekha m'nyumba ya mbande. Gogo analowa, nalankhula zambiri, akuloza kumwamba ndi m'mbali. Ndinati hai. Anabwerezanso china chake, ndinatinso hai. Atatuluka ndinaganiza kuti mwina amanena zothirira, ndipo ndinathirira mosamala, thireyi iliyonse. Chonsecho amati masana dzuwa liwomba kwambiri, ndikweze mapulasitiki a m'mbali kuti mphepo ilowe. Pofika madzulo mbande za mizere itatu zinali zitagona ngati zothiridwa madzi otentha.

Gogo sanandikalipire. Anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana mbandezo, kenaka anandiyang'ana ine. M'mawa mwake anabwera ndi kachidutswa ka katoni atalembapo ntchito yanga. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundilankhula. Ankandilembera. Koma Asiyatu, gogoyo ankamuitana kukhitchini kwawo, kumupatsa tiyi, kucheza naye za mawondo awo ndi za mdzukulu wawo wa mumzinda. Ine ankandisiyira timakatoni pa benchi. Ndinakondwa nazo, ndipo tina ndinatimata m'kope lachitatu. Ndinkaona ngati andichitira chifundo.

Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi. Nyumba ya amayi inafoleredwa malata, achimwene anagula njinga yamoto, mng'ono wanga analowa sekondale yogonera komweko. Pa foni amayi ankati kutchalitchi amayi anzawo ayamba kuwasungira malo kutsogolo.

Chaka chachitatu chili mkati, mwini famu anatiitana tonse awiri. Anati mgwirizano wathu ukutha, koma akufuna titsale. Kuti boma litipatse chiphaso cha zaka zina, tinayenera kukhoza mayeso a chilankhulo. Anatipatsa pepala lofotokoza, ine n'kuliwerenga. Mayesowo anali ndi mbali ziwiri, kuwerenga ndi kumvetsera, ndipo wolephera mbali imodzi walephera onse. Ndinawerenga mzere umenewo kawiri ndisanamuuze Asiyatu.

Iye anatenga pepalalo n'kuliyang'ana. Kenaka anati, "Ndiye kuti m'chipinda cha mayeso salola munthu wa mitu iwiri."

Anati tichite chipereganyu, monga timachitira kwathu nthawi yopalira: lero tonse m'munda mwako, mawa tonse m'munda mwanga. Masiku a ntchito tikaweruka, ine ndizimuphunzitsa kuwerenga. Lamulungu, tsiku lopuma, iye azindiphunzitsa kumva.

Munda wake ndinaupalira ndi mphamvu zanga zonse. Ndinadula makatoni a kabichi kukhala timakadi, mbali ina chilembo, mbali ina tanthauzo. Tinayambira pa chilembo cha nkhumba chija, poti ndi chokhacho ankachidziwa. Ndinamusonyeza kuti zilembo za madzi zili ndi timadontho titatu kumanzere, za mitengo zili ndi kamtengo. Ndinamuphunzitsa kuyamba wawerenga funso asanawerenge ndime, kuti adziwe chimene akusaka. Tsiku lina anamwaza makadi onse pansi n'kulira, akuti iye ndi mbuli ya pa golosale, ndimusiye. Ndinawatola limodzilimodzi, n'kumupangira tiyi, tinayambiranso.

Lamulungu loyamba Asiyatu anavala jekete n'kunena kuti tikupita kwa gogo kukamwa tiyi, kumeneko kumabwera azimayi anzawo atatu. Iye akakhala ngati wosalankhula, ine ndikamve ndekha, pomwe sindinamve ndikafunse. Ndinati mutu ukundiwawa. Lamulungu lotsatira ndinati ndili ndi zochapa. Lina ndinati ndili ndi njira yanga yabwino: ndinali nditagula buku la mayeso lokhala ndi zomvetsera za pa foni, ndipo kumapeto kwake analembako mawu onse a zomvetserazo. Ndinkaika mahedifoni m'makutu, chala pa mzere, mawu akuyenda chala chikuyendanso. Zonse zinkamveka. Mafunso ndinkakhoza pafupifupi onse.

Tsiku lina Asiyatu anandilanda bukulo n'kulikhalira.

"Yatsanso," anatero.

Ndinayatsa. Mwamuna analankhula, mkazi anayankha, mwamuna anaseka.

"Akuti chiyani?"

"Mundipatse buku, asisi."

"Ukumva ndi maso, Namanyazi. Tsiku limenelo maso akakhala opanda ntchito. Tiye kwa gogo, sadya anthu. Ine andiseka kangati? Ndafa?"

Ndinamuyankha kuti si tonse tinakulira pa msewu kukuwizana ndi madalaivala. Anandiyang'ana, nadzuka, nandiponyera bukulo pabedi. Komabe Lamulungu lotsatira anavalanso jekete n'kuima pakhomo kundidikira.

Mayeso tinakalembera kutawuni, ulendo wa pa sitima. Holoyo inali yodzadza anthu a mayiko osiyanasiyana, aliyense pa nambala yake. Asiyatu anamuika kutsogolo, mizere isanu ndi umodzi kuchokera pamene ndinali. Mbali yowerenga ndinaimaliza nthawi ikadalipo, mpaka ndinabwereza kawiri, ndikumupempherera iye. Kenaka anayatsa sipika. Woyang'anira anali atalemba pa bolodi kuti chilichonse chimveka kamodzi kokha.

Funso loyamba ndinagwira mawu ake oyamba, n'kuima kuti ndiwamasulire m'mutu. Pamene ndinkamaliza, sipika inali pa funso lachitatu. Ndinathamangira lachinayi, linandipulumuka. Pepala linali ndi zithunzi ndi manambala basi, popanda mzere woikapo chala. Ndinadzutsa mutu n'kuona mpango wa Asiyatu wobiriwira ukugwedezeka pang'onopang'ono, monga ankachitira gogo akamalankhula. Ndinadikira, ngati chitsiru, kuti atembenuke andinong'oneze.

Zotsatira zitabwera, ndine ndinaziwerenga, zake ndi zanga. Iye anakhoza zonse ziwiri, kuwerenga anangodutsa pang'ono pa mzere. Ine kuwerenga ndinatsala pang'ono kukhoza zonse. Kumvetsera sindinafike ndi pa mzere pomwe. Mayeso ena anali kutali, ndipo chiphaso changa chinali chikutha.

Masiku otsalawo Asiyatu sindinkamulankhula kwenikweni. Tsiku lonyamuka, gogo anabwera pa galimoto, nandigwira manja onse awiri, nalankhula nthawi yaitali. Kanali koyamba kundilankhula chichitikireni za mbande zija. Asiyatu anatsegula pakamwa kuti amasulire, ine ndinati asiye. Ndinawerama, ndinati hai, ndinalowa m'galimoto. Pa siteshoni Asiyatu anandinyamulira chikwama mpaka pa chitseko cha sitima. Pamenepo ndinanena mawu amene ndinali nditawasunga.

"Munda wanu ndinapalira, asisi. Wanga uli thengo."

"Ndinkabwera ndi khasu Lamulungu lililonse," anatero. "Unkatseka chipata."

Chitseko chinatsekeka.

Ku Biriwiri anandilandira ngati munthu wobwera kumaliro mochedwa. Amayi anandikumbatira, kenaka anandifunsa kuti anthu awauza chiyani, poti anali atalengeza kale kuti nditsala zaka zina zisanu. Achimwene, omwe anali atakwatira ndipo ankakhala m'chipinda chomwe chinali changa, anafunsa pamaso pa alamu kuti zatheka bwanji mwana wa pa golosale wolekeza Fomu 2 kukhoza, ine wa mabuku n'kulephera. Jekete yanga ya m'chipale alamu anaipempha tsiku lachiwiri, akuti ine ndazolowera kuzizira. Mng'ono wanga anachoka kogonera n'kuyamba kuyendera. Sanandinene, koma anasiya kundifunsa za ku Japan. Ana a m'mudzi ankanditsata kuchitsime akuimba kuti Mjapani lankhula, Mjapani lankhula.

Ndinatenga mpeni wanga padenga pa khitchini n'kubwerera kudimba. Kabichi ndinkakagulitsa pa Nsipe, ndipo ndinkayala thumba langa kumapeto kwenikweni kwa msika, kutali ndi golosale ya bambo ake a Asiyatu. Mauthenga ake pa foni sindinkawatsegula. Mumtima ndinkati anandidyera, anatenga maso anga n'kutsala ndi makutu ake.

Nthawi ya mvula, tsiku lina kutagwa yosalekeza, ndinatulutsa makope aja. Ndinkafuna umboni womutsutsa. Ndinatsegula lachinayi. "Lero asisi anati tipite kwa gogo. Ndinati mutu. Mutu sunkawawa." Patsogolo pang'ono: "Asisi aima pakhomo ndi jekete mpaka tiyi wawo wazizira. Ndinayerekeza kugona." Patsogolo penanso: "Asisi akuti gogo amafunsa chifukwa chake sindibwera. Ndikapita Lamulungu likubwerali." Dzanja ndi langa, lolemba bwino, losadumpha kanthu. Ndinakhumba ndikanakhala munthu wolemba mabodza.

Papita milungu itatu tsopano chindiitanireni bambo ake a Asiyatu. Ndinali nditangoyala kabichi pamene ndinaona bambo wachikulire wa kofia yoyera ataima patsogolo panga. Anati akhala akundiona miyezi yonseyi, ndipo sanafune kundivutitsa, koma pali chinthu chimene pa Nsipe ponse palibe wina angawathandize. Ndinasiyira mayi woyandikana nane kabichi n'kuwatsatira.

Pa kauntala anatulutsa envelopu yaikulu yobwera ndi munthu wina wochokera kunja. Munali satifiketi ya mayeso aja. Anali atagula kale felemu, koma sankadziwa kumwamba kwa pepalalo ndi kuti. Ndinalitembenuza. Anandipempha kuti ndiwawerengere zonse, osasiya kanthu. Ndinawerenga dzina la mwana wawo, ndi mawu onena kuti munthu ameneyu wasonyeza kuti amatha kuwerenga ndi kumva Chijapani. Chilembo chilichonse pa pepalalo ndinkachidziwa. Zina mwa izo ndinazilemba ndekha pa makatoni a kabichi.

"Amati munamuphunzitsa ndinu," anatero bamboyo. "Amati popanda inu akanabwera nanu ndege imodzi."

Ndinayang'ana pa sikelo ya shuga. Ndinati anali wolimbikira yekha.

Kenaka anatulutsa foni. Anati palinso uthenga wa mawu umene unabwera kalekale, wanga, poti mwana wawo akuti ine sinditsegula zake. Anadina. Munamveka mawu a Asiyatu, akuseka monga mwa nthawi zonse. "Bambo, uwu ndi wa Namanyazi. Gogo akufuna kumuuza zomwe anamuuza pa galimoto. Ine sindimasulira. Ali nawo makutu."

Kenaka gogo anayamba. Mawu omwe aja, othamanga, okwera ndi kutsika. Ndinamva dzina langa, mmene ankalitchulira molidula pakati. Zotsalazo zinandidutsa. Uthenga unatha.

"Akuti chiyani?" anafunsa bamboyo.

Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti akupereka moni. Akanakhulupirira, n'kundithokoza, ine n'kubwerera ku kabichi wanga. Ndinayang'ana pansi. Kenaka ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana kumaso, munthu wamkulu, bambo a mnzanga.

"Sindinamve. Bwerezani."

Anadina. Thiraki inadutsa pa msewu, mawu n'kumira. Ndinati abwerezenso. Kunabwera mayi wogula mchere, anamugulitsa, anadinanso. Sanandifunse kumene ndasiya makutu. Anangokoka mpando kuti ndikhale. Kachisanu ndinasiya kuthamangitsa mawu onse, ndinangotola amene anagwera pafupi. Ndinapeza atatu: mbande, manja, ndi bwera.

Sindikudziwa ngati gogoyo akuti manja anga anapha mbande, kapena akuti anali manja abwino pa mbande. Sindikudziwa ngati akuti ndibwere, kapena akudandaula kuti sindinkabwera. Zaka zitatu ndinali nawo pafupi, pakamwa pawo pali pompo, ndipo kufunsa kunali kwaulere. Lero ndikuwafunsa ali m'foni ya eni ake, pa Nsipe, kabichi wanga akufota padzuwa.

Bamboyo anati ndizibwera tsiku lililonse la msika, foniyo siithawa. Ndapitako kawiri. Ndinayamba kope lachisanu. Pa tsamba loyamba ndinalemba mawu atatu aja motalikirana, pakati pake ndinasiya mipata.